Kodi "conjunction" n'chiyani, nanga mwana wanga analakwitsa pati?

Mayi wina wa ku Balaka walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Wabwera ndi kope la Chingerezi lili psuu ndi inki yofiira. Pena analemba kuti 'Although it was raining, but we went to the garden,' ndiye aphunzitsi anazunguliza mawu akuti 'but' n'kulemba m'mbali kuti 'wrong conjunction'. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma mwanayo atandimasulira chiganizocho m'Chichewa sindinamve polakwika. Sabata yomweyo tinalandira kalata ya msonkhano wa alimi yonena kuti msonkhanowo wakonzedwa 'in conjunction with' bungwe lina. Kodi mawu amenewa amatanthauza chiyani, ndipo ndi amodzimodzi m'malo awiri onsewa?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndiponso chifukwa chotsegula kope la mwana n'kuliwerenga. Ndi mawu amodzimodzi ndithu. M'kalasi la Chichewa "conjunction" timati mlumikizi, akachuluka alumikizi: timawu monga ndi, koma, kapena, chifukwa, ngakhale, timene timagwirizanitsa mawu ndi mawu anzake kapena ganizo ndi ganizo linzake. M'kalata ya msonkhano muja, "in conjunction with" akutanthauza kuti mogwirizana ndi. Khutu lanu silinaname ayi, m'Chichewa chiganizo cha mwana wanu chilibe banga. Aphunzitsi nawonso sanalakwitse. Kuti muone mmene zonse ziwirizi zingakhalire zoona, tiyambe ndi kumene mawuwa anachokera.

"Conjunction" si mawu obadwira m'Chingerezi. Analowamo m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma, kudzera m'Chifalansa. Ali ndi zigawo ziwiri: "con" kutanthauza pamodzi, ndi "iungere" kutanthauza kulumikiza kapena kumanga. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti "iungere" ndi mbale wake wa mawu a Chilatini akuti "iugum", omwe ndi goli la ng'ombe. Ngakhale mawu a Chingerezi otanthauza goli, "yoke", ndi a banja lomwelo. Choncho mukamva "conjunction", m'maganizo mwanu mubwere ng'ombe ziwiri zokoka ngolo.

Munaonapo mnyamata akumanga ng'ombe m'mamawa. Amayamba waimika imodzi kumanzere, inayo kumanja, n'kusenzetsa mtengo uja pa makosi onse awiri, kenako n'kumanga zingwe kunsi kwa khosi. Asanatero, ng'ombe iliyonse inali payokha, ina ikudya udzu, ina ikuyang'ana kudambo. Goli likangokhala, ziwirizo zasanduka chinthu chimodzi, ndipo ina ikakhota inzake imamva pakhosi. Golilo silikoka ngolo, koma ndi limene limanena kuti ng'ombezi zikokera kuti. Mlumikizi amachitanso chimodzimodzi. Tamvani: "Anakwatiwa ndipo anasangalala." "Anakwatiwa koma anasangalala." "Anakwatiwa chifukwa anasangalala." Mawu ena onse sanasinthe, koma nkhani zatuluka zitatu, ndipo yachiwiriyo mutaiyankhula pa chinkhoswe anthu akhoza kukufunsani kuti mukutanthauzanji. Mfundo imene ndikufuna kuti mwana wanu aigwire ndi imeneyi: mlumikizi sangomata ziganizo ngati phula, amauza wowerenga ubale wa maganizo awiriwo.

Abale a mawuwa muli nawo pafupi. Ku Nkaya, m'boma lanu lomwelo la Balaka, njanji yochokera ku Limbe kupita ku Salima imakumana ndi ina yolowera ku Nayuchi mpaka kudoko la Nacala, ndipo malo otere pa Chingerezi amati "junction". Mawu akuti "join" ndi kulumikiza, "joint" ndi mfundo ya mafupa monga bondo kapena chigongono. Kuchipatala, kakhungu kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa chikope n'kufika pa choyera cha diso amakatcha "conjunctiva" chifukwa kamalumikiza ziwirizo, ndipo kakatupa diso n'kufiira ndi matenda aja amati "conjunctivitis". Akatswiri a zakuthambo nawo amagwiritsa ntchito "conjunction" ponena za zinthu ziwiri zakumwamba zikaoneka moyandikana. Pa 21 Disembala 2020 mapulaneti a Jupiter ndi Saturn anaoneka atayandikana kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire 1623, ngakhale kuti pakati pawo panali mtunda woposa makilomita 700 miliyoni. Paliponse ganizo lake ndi lomwelo la ziwiri kukhala pamodzi.

Tsopano tibwere ku kope lija. Alumikizi a Chingerezi ali m'magulu awiri akuluakulu, ndipo cholakwa cha mwana wanu chagona pa kusiyana kwa maguluwa.

Gulu loyamba limamanga zinthu zofanana mphamvu, ngati ng'ombe ziwiri za msinkhu umodzi. Aphunzitsi amalitcha "coordinating conjunctions", ndipo mawu ake alipo 7: for, and, nor, but, or, yet, so. Ana ambiri amawaloweza potenga zilembo zoyambirira n'kupanga dzina lakuti FANBOYS. Mukati "It was raining, but we went," mbali zonse ziwiri zikhoza kuima pazokha. "It was raining" ndi chiganizo chathunthu, "we went" ndi chiganizonso chathunthu, ndipo "but" wangokhala pakati.

Gulu lachiwiri, "subordinating conjunctions", limachita zosiyana. Limatenga chiganizo chomwe chinali choima pachokha n'kuchisandutsa chodalira chinzake. Muli mawu monga although, because, if, when, unless, until, since, while. Mukati "Although it was raining" n'kukhala chete, womvera amakhala akudikirabe, monga mmene inu mungadikirire munthu atati "Ngakhale kunkagwa mvula" n'kusiyira pomwepo. M'Chichewa timati imeneyi ndi nthambi yosaima payokha. Ili ngati mwana wa m'manja, imafuna wina woinyamula.

Ndiye onani zimene zinachitika. "Although" anasandutsa mbali yoyamba kukhala yodalira, yodikira chiganizo chachikulu. Kenako "but" anabwera, iye amene ntchito yake ndi kukhala pakati pa mbali ziwiri zofanana. Wina akuti mbali yoyamba ndi yaing'ono, wina akuti ndi yofanana ndi inzake. Ndi magoli awiri pa ng'ombe zomwezo, ndipo Chingerezi chimalola limodzi lokha. Mwana wanu asankhe: "Although it was raining, we went to the garden," kapena "It was raining, but we went to the garden."

Nanga n'chifukwa chiyani inu simunamve cholakwika? Chifukwa Chichewa chimalola. Timanena tsiku ndi tsiku kuti "Ngakhale kunkagwa mvula, koma tinapita kumunda," ndipo "koma" ameneyo amangotsindika. Mwana wanu sanalembe mosaganiza ayi. Anaganiza bwinobwino m'chilankhulo chake n'kunyamula kamangidwe kake kupita nako kwa eni ake ena. Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga makope, cholakwa ichi ndachipeza kwa ana ochenjera kwambiri, amene akuyesa kulemba ziganizo zazitali m'malo mobisala m'tiziganizo tatifupi. Ngati akufuna kuti kutsindika kuja kusatayike, Chichewa chomwecho chimuonetsa njira. Timatinso "Ngakhale kunkagwa mvula, tinapitabe." Ka "be" kameneko pa Chingerezi ndi "still": "Although it was raining, we still went." Apa palibe mphunzitsi amene angazungulize kanthu. Cholakwa china cha mtundu womwewu ndi kuphatikiza "because" ndi "so" m'chiganizo chimodzi, potsatira kanenedwe kathu kakuti "Popeza kunalibe minibasi, ndiye tinayenda pansi." Pamenepanso asankhepo mmodzi.

Ndingodutsapo pa kanthu kena kamene aphunzitsi sanakakhudze. Kwathu kuno tazolowera kunena munda wa chimanga kuti "garden", koma kwa Mngerezi mawuwa amanena kadimba ka maluwa kapena ndiwo zamasamba pafupi ndi nyumba. Munda weniweni ndi "field". Si nkhani yaikulu, koma mwana aidziwe.

Pali malo ena amene zilankhulo ziwirizi zimamanga goli mosiyana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mawa inki yofiira idzagwera pamenepa.

Tengani kamawu kathu kakuti "ndi". "Ndagula mchere ndi sopo." "Ndapita ndi agogo." "Walumidwa ndi galu." "Uyu ndi mlongo wanga." Pa pepala ndi kamawu kamodzi, ngakhale kuti poyankhula ka m'chiganizo chomalizacho kamamveka motsika kusiyana ndi enawo. Pa Chingerezi pakufunika mawu anayi osiyana: and, with, by, is. Mwa anayiwa, mlumikizi ndi "and" yekha. N'chifukwa chake mwana amalemba "My mother with my father went to town" pamene amafuna "and". Komanso "ndi" wathu ali ndi malire amene "and" alibe. Sitinganene kuti "Ndinapita kumsika ndi ndinagula usipa." Timati "ndipo ndinagula usipa," kapena mwachibadwa kwambiri, "Ndinapita kumsika n'kugula usipa." Chingerezi chimangoika "and" ponseponse. Ifenso tili ndi vuto lathu limene Mngerezi salidziwa: tikalumikiza mayina a magulu osiyana, mneni amasowa kolowera. "Khasu ndi nkhwangwa zasowa" zimamveka bwino, koma yesani kulumikiza mwana ndi mbuzi. Kunena kuti "zasowa" n'kunyoza mwana, kunena kuti "asowa" n'kulemekeza mbuzi, ndiye timazemba n'kunena kuti "Mwana wasowa pamodzi ndi mbuzi."

Chachikulu kwambiri n'chakuti alumikizi ambiri amene Chingerezi chimawalemba paokha, ife timawabisa m'kati mwa mneni. Tamvani mawu awa: atafika, akafika, asanafike, akanafika, chifikireni. Aliyense ndi liwu limodzi, koma kuti muwanene pa Chingerezi mufunika "after he arrived", "when he arrives", "before he arrives", "if he had arrived", "since he arrived". Timphatikizo ta, ka, sana, kana tikugwira ntchito imene after, when, before ndi if amagwira. Choncho mwana wolankhula Chichewa amadziwa kale maubale onsewa kuyambira ali wamng'ono. Chimene akuphunzira kusukulu ndi kuwatulutsa m'mneni n'kuwaimika paokha.

Ka "ka" kaja n'kofunika kukayang'anitsitsa. Mlimi akati "Mvula ikagwa tidzala," sakukayika kuti mvula igwa, akungodikira tsiku. Koma akati "Ndikapeza ndalama ndigula feteleza," pamakhala kukayika. Ife timasiyanitsa ndi nkhani yake komanso nkhope ya wolankhula. Chingerezi chimakukakamiza kusankha: "when" ngati chinthucho chichitika ndithu, "if" ngati mwina sichichitika. Inu amene mumapita kumisonkhano ya alimi, izi zikukukhudzani. Munthu akasayina pepala lakuti "I will pay you when I sell my maize," akulankhula ngati wotsimikiza kuti chimanga chigulitsidwa ndipo ndalama zibwera. Akasayina lakuti "if I sell my maize," wadzisiyira khomo lotulukira, chifukwa chimanga chikapanda kugulidwa adzati sanalonjeze kanthu. Muziwerenga kawiri pamene pali timawu timeneti musanaike chala kapena siginecha. Mwana wanu akumbukirenso kuti pambuyo pa "when" ndi "if" wonena zam'tsogolo, Chingerezi sichiika "will". Amati "When he comes, we will eat," osati "When he will come."

"Unless" ndi "pokhapokha" wathu. "Simulowa pokhapokha mutalipira" ndi "You will not enter unless you pay." Kukana kuli kale m'kati mwa "unless", ndiye mwana akawonjezera "don't" n'kulemba "unless you don't pay," watembenuza nkhani yonse, tsopano olowa ndi osalipira. "Since" ali ndi nkhope ziwiri, nthawi zina ndi "kuyambira pamene", nthawi zina ndi "popeza". "Until" ndi "mpaka", ndipo savuta.

Pali alumikizi ena oyenda awiriawiri: either ndi or, neither ndi nor, both ndi and, not only ndi but also. Lamulo lawo ndi la goli lomwe lija, mbali ziwirizo zikhale za mtundu umodzi. "She bought both salt and soap" zili bwino chifukwa mchere ndi sopo onse ndi mayina. Ukamanga dzina mbali ino, chiganizo chathunthu mbali inayo, zimakhala ngati wamanga ng'ombe ndi mwana wa ng'ombe, goli limapendekeka. Ndipo "neither" amayenda ndi "nor", osati "or".

Mawu akuti however, therefore, moreover ndi furthermore amasokoneza ana ambiri. Amalumikiza maganizo ndithu, ndipo mabuku ena amawaika pamodzi ndi alumikizi pansi pa dzina lakuti "linking words" kapena "connectors", koma si alumikizi enieni. Njira yowayesera ndi yosavuta: mlumikizi weniweni sasuntha pamalo pake. Mukhoza kunena "However, we went," kapena "We went, however," koma simunganene "We went, but." Popeza "however" si goli, sangamange ziganizo ziwiri ndi mpatuliro wokha. "It was raining, however we went" n'kulakwitsa. Pafunika mpumiro: "It was raining. However, we went." Ndinenepo maganizo anga apa. Ana ena amaphunzitsidwa kuti chimangirizo chabwino n'chodzaza ndi moreover ndi furthermore pa ndime iliyonse, ndipo amawathira ngati mchere wa m'ndiwo. Ine ndikachonga, ndimafunsa ngati ganizo lachiwirilo likuwonjezeradi pa loyamba. Ngati silikuwonjezera, "moreover" ameneyo akunamiza wowerenga. Mwana amene walemba "but" pamalo oyenera amandisangalatsa kuposa amene walemba "nevertheless" pamalo olakwika.

Mwina mudzamvanso mwana akunena kuti n'koletsedwa kuyamba chiganizo ndi "and", "but" kapena "because". Aphunzitsi amaletsa pofuna kuthetsa chizolowezi cha ana cholemba zidutswa monga "Because I was sick." n'kuika mpumiro, chiganizo chachikulu palibe. Koma si lamulo la Chingerezi. "Because I was sick, I stayed at home" ndi chiganizo chabwino kwambiri. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 lili ndi mavesi ambirimbiri oyamba ndi "And", potsatira kalembedwe ka Chiheberi, ndipo mukatsegula mutu woyamba wa Genesis m'Buku Lopatulika la 1922 mupeza "Ndipo" akuyamba vesi ndi vesi pa chifukwa chomwecho. Komabe pa mayeso ndi bwino mwana atsatire zimene aphunzitsi ake akufuna, chifukwa kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro osachepera 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala chimodzi mwa amenewo.

Timawu timeneti timavutitsa ngakhale eni chilankhulo. M'chigawo cha Maine ku America munali lamulo lotchula ntchito zimene ogwira ake salandira malipiro a maola owonjezera. Mndandandawo unkathera ndi mawu akuti "packing for shipment or distribution". Madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anati "or" ameneyo akulumikiza "shipment" ndi "distribution", kutanthauza kuti mawu omalizawo akunena za olongedza katundu okha, pamene iwo salongedza, amangoyendetsa. Kampani inati "or" akutchula ntchito ina payokha, yogawa katundu, yomwe ndi ya madalaivalawo. Mu 2017 khoti la apilo linati mawuwo akhoza kumveka mbali zonse ziwiri ndipo linagamula mokomera madalaivala. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Mlandu wonsewo unali wofuna kudziwa kuti goli lamangidwa pa ng'ombe ziti.

Mukhoza kumuthandiza mwana wanu ngakhale kuti Chingerezi chanu chinalekera Sitandade 8, chifukwa ubale wa maganizo mumaudziwa kuposa iye. Madzulo mukamasenda mbatata kapena kutongola chimanga, mupatseni ziganizo ziwiri za m'nyumba mwanu momwemo: "Agogo akudwala. Agogo apita kumunda." Mufunseni kuti azimange m'Chichewa m'njira zitatu, ndipo akuuzeni kusiyana kwake. "Akudwala koma apita." "Ngakhale akudwala, apitabe." "Akudwala chifukwa apita." Inu ndi amene muweruze ngati wamanga bwino, popeza Chichewa ndi chanu. Akatha, atembenuzire chilichonse m'Chingerezi n'kuwerenga alumikizi ndi chala. Pa maganizo awiri payenera kukhala mlumikizi mmodzi. Akapeza awiri, afufute mmodzi n'kuwerenganso mokweza.

Kenako atenge kope lija, pansi pa inki yofiira alembe chiganizo chake kawiri, koyamba ndi "although" yekha, kachiwiri ndi "but" yekha, n'kukawaonetsa aphunzitsi Lolemba. Kalata ya msonkhano ija mumupatsenso akuwerengereni, ndipo akafika pa "in conjunction with" mumufunse kuti mabungwe amene amangidwa pamodzi ndi ati.